MIPANDO 5, 7 KAPENA 8: KODI GALIMOTO YA BANJA IMANYAMULA ANTHU ANGATI?

Nyengo ya misika ikafika, soya, nshawa, fodya ndi cimanga zitagulitsidwa, alimi ena a kuno kum'mawa amene ulimi wawayendera bwino amayamba kuzungulira m'malo ogulitsira magalimoto ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ngakhalenso ku Lusaka. Ena sacoka n'komwe pakhomo. Mwana wao amawaonetsa zithunzi pa foni, ndipo galimoto imaitanitsidwa kucokera ku Japan, n'kudzatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde. Kale galimoto pamudzi inali ya mfumu, ya mphunzitsi wamkulu kapena ya ku mishoni. Lero mlimi wamba nayenso akuifuna, ndipo zifukwa zake ndi zomveka: cipatala ciri kutali, ana ali ku sukulu zogonera komweko, ndiponso maliro ndi maukwati sizitha.

Galimoto imene mabanja akulu amaiyang'ana kwambiri ndi ija yaitali misinkhu, yokwera m'mwamba, imene ogulitsa amaicha SUV. M'gulu limeneli muli Toyota Land Cruiser Prado, Toyota Fortuner, Mitsubishi Pajero, Isuzu mu-X, Ford Everest, Nissan X-Trail ndi zina zotere. Funso loyamba la wogula limakhala limodzi nthawi zonse: "Kodi imanyamula anthu angati?" Wogulitsa amayankha msanga kuti 7 kapena 8, ndipo sanama, pakuti mipandoyo iripodi. Koma ciwerengero ca mipando ndi ciwerengero ca anthu amene galimoto ingawafikitse bwino kumudzi pamodzi ndi katundu wao ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amazindikira kusiyana kumeneku ndalama zitapita kale.

Caka catha atsibweni anga a ku dera la Chadiza ananditumira uthenga kuti ndikawaperekeze kukaona galimoto ku Chipata. Anali atasunga ndalama za soya za zaka zitatu, naonjezerapo za ng'ombe zinai zimene anagulitsa. Pakhomo pao pali anthu 8: iwo eni, akazi ao, apongozi ao okalamba, ana anai ndi mdzukulu wa zaka zitatu amene amai ake ali pa nchito ku Lusaka. Mnyamata wogulitsa anationetsa galimoto yoyera, yowala bwino, ya mipando 7. Atsibweni atawerenga zala zao nati, "Mwana wanga, ife tiri 8," mnyamata uja sanacedwe kuyankha. "Bambo, musadandaule. Mwana wamng'onoyo sawerengedwa, amai angamufukate." Atsibweni anagwedeza mutu movomera, ndipo ndikadapanda kuwakoka mkono ndi kuwapempha kuti tikamweko tiyi coyamba, ng'ombe zinai zija zikadathera pomwepo.

MIZERE ITATU YA MIPANDO

Tiyambe ndi kakonzedwe ka mipandoyo. Galimoto ya mipando 5 iri ndi mizere iwiri: awiri kutsogolo, atatu kumbuyo, ndipo malo onse otsala ndi a katundu. Ya mipando 7 iri ndi mzere wacitatu wa anthu awiri kumbuyo kwenikweni. Ya mipando 8 iri ndi mzere wacitatu wa anthu atatu. Woyendetsa nayenso amawerengedwa m'ciwerengero cimeneci. Cotero galimoto ya mipando 7 imanyamula dalaivala ndi anthu ena 6 okha, ndipo banja limene lidzalemba mnyamata woliyendetsera liyenera kucotsapo mpando umodzi lisanayambe kudziwerenga.

Dzina la galimoto palokha silikuuzani ciwerengero ca mipando. Prado imene inapangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009 imapezeka ya mipando 8 ndiponso ya 5, ndipo mzere wake wacitatu umapindidwa n'kupacikidwa m'mbali, cakumazenera. Imene inatsatira kuyambira 2009 imapezeka ya mipando 7 kapena 5, ndipo pa zambiri mzere wacitatu umapindidwira pansi. Fortuner, imene zambiri za kuno zimacokera ku fakitale ya ku Durban m'dziko la South Africa, ndi ya mipando 7 yopindidwira m'mbali. Pajero yaikulu, imene inaleka kupangidwa mu 2021, iri ndi mzere wacitatu wobisala pansi pa buti. X-Trail yambiri ndi ya mipando 5, koma kuyambira 2013 panakhalanso ya mipando 7. Munthu woitanitsa galimoto pongoona cithunzi ca kunja kwake angalandire Prado ya mipando 5 iye akuyembekezera ya 8. Funsani cithunzi ca m'kati, citseko ca kumbuyo ciri cotsegula, ndiponso funsani pepala la galimotoyo losonyeza ciwerengero ca anthu ololedwa.

Tsono mzere wacitatuwo ndi wa yani? Pa magalimoto olimba monga Prado ndi Fortuner, thupi la galimoto limakhala pamwamba pa chasisi, ndipo kumbuyoko kunsi kwake kuli citsulo ca magudumu, thanki ya mafuta, nthawi zinanso tayala la sipeya. Cifukwa ca ici pansi popondapo m'mzere wacitatu ndi pokwera. Munthu wamkulu akakhalapo, maondo amakwera m'mwamba monga wakhala pa kampando ka ku khichini. Kucokera ku Chadiza kupita ku Chipata angapirire. Koma kucokera ku Chipata kupita ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo amene anakhala kumbuyoko amatsika miyendo itacita dzanzi. Mzere wacitatu wa X-Trail ndiye waung'ono koposa, woyenera ana a ku pulaimale basi.

Kulowako nakonso ndi nchito. Mpando wa mzere waciwiri uyenera kupindidwa, munthu n'kuwerama ndi kudutsa pa kampata kakang'ono, phazi limodzi liri pa citsulo copondera. Mwana wa zaka 10 amangolumphira. Nchembere yobvutika ndi nyamakazi, mai woyembekezera kapena wodwala wopita ku cipatala ca St Francis ku Katete sangathe. Motero musanagule, ŵerengani osati anthu okha, koma misinkhu yao ndi thanzi lao. Ngati pabanja pali akulu 6 ndi mwana mmodzi, galimoto ya mipando 7 ya mtundu uwu idzakhala yopanikiza. Ngati pali akulu atatu ndi ana anai, idzakwanira bwino, ngakhale kuti anawo akukula, ndipo galimoto yogulidwa ndi ndalama za ng'ombe imayembekezeka kukhala pakhomo zaka zambiri. Mnyamata amene lero ali mu giredi 5 adzakhala wamtali kuposa atate ake galimotoyo isanathe.

Pali kanthu kenanso kamene opanga magalimoto a ku Japan sanakaganizire. Mwa mwambo wathu mkamwini ndi apongozi sakhala moyandikana. Atsibweni anga anaseka nati mzere wacitatu unapangidwira apongozi, kuti ulemu usungike. Akazi ao sanaseke. Anawakumbutsa kuti amai ao sangakwere kumbuyoko, ndi kuti malo ao ndi pa mzere waciwiri pafupi ndi citseko, kumbuyo kwa mpando wa kumanzere. Nkhani ya ulemu inathera pomwepo.

Muonenso ngati kumbuyoko kumafika mphepo. Mazenera a mzere wacitatu pa magalimoto ambiri satseguka kwenikweni, ndipo ngati mulibe timabowo totulutsa mphepo yozizira padenga kapena m'mbali, ana amapsa ndi kutentha. Amene anadutsapo pa mlatho wa Luangwa masana m'mwezi wa October akudziwa cimene ndikunena.

KATUNDU ADZAKHALA PATI?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mzere wacitatu sukhala pa malo ake okha, umakhala pa malo a katundu. Mukautambasula, buti imene inali yaikulu imatsala kampata koti mungaikemo zikwama ziwiri kapena zitatu zazing'ono. Ku maiko kumene magalimotowa amapangidwira izi sizibvuta kwambiri, pakuti banja limapita kukagula zinthu pafupi n'kubwerera. Ife sitiyenda motero. Wopita ku tauni amanyamula thumba la ufa, nshawa, kandolo, maungu ndi nkhuku ya ana. Wobwerera kumudzi amanyamula feteleza, mbeu, mcere, sopo, mwinanso malata. Sukulu zikatsegulidwa pali matiranki ndi matiresi. Pa maliro pali cimanga, mapoto ndi zofunda. Anthu 7 ndi katundu wa anthu 7 sizilowa pamodzi m'galimoto ya mipando 7.

Kakonzedwe ka mipando yopindika kali ndi mbali yake pa nkhani imeneyi. Mipando yopacikidwa m'mbali, monga ya Fortuner, imasiya pansi pakuya bwino, koma imadya malo a m'mbali ndi kuphimba mazenera, ndipo pa mseu wa mabampu imagogoda ngati zomangira zake zatha. Yopindidwira pansi imasiya buti yosalala, koma pansipo pamakhala pokwera. Ubwino wa mitundu yonse iwiri ndi wakuti pa magalimoto ambiri mungathe kutambasula mpando umodzi wokha, mbali inayo n'kuikako katundu. Banja la anthu 6 limapindula kwambiri ndi zimenezi. Koma katundu woikidwa pambali pa mwana ayenera kumangidwa ndithu, cifukwa galimoto ikaima mwadzidzidzi, batire kapena khasu losamangidwa limauluka.

Tsopano tibwere ku sikelo, pakuti mlimi aliyense amaidziwa sikelo. Galimoto iriyonse iri ndi malire a kulemera kumene opanga anaikira, ndipo malirewa amalembedwa m'buku lake, pa mapepala ake, kapena pa kacitsulo komatidwa pa mphuthu ya citseko. Mukacotsa kulemera kwa galimoto yopanda kanthu pa malire amenewa, cotsalaco ndico cimene mungakweze, anthu ndi katundu pamodzi. Pa magalimoto a msinkhu wa Prado ndi Fortuner cotsalaco cimakhala pafupifupi makilogalamu 600, nthawi zina kupitirirako pang'ono, nthawi zina kuceperako. Tiyeni tiwerenge. Akulu 7, aliyense wolemera makilogalamu 70, ndi makilogalamu 490. Patsala 110. Amenewo ndi matumba awiri a cimanga a makilogalamu 50 ndi kacikwama kamodzi. Ngati munaikako citsulo cacikulu ca kutsogolo cochinjiriza ng'ombe za pa mseu, ndi cina conyamulira katundu padenga, nazonso zadya kale mbali ya makilogalamu amenewo.

Amene mukuitanitsa galimoto ku Japan dziwaninso ici. Pa mapepala a kumeneko munthu mmodzi amawerengedwa kuti ndi wolemera makilogalamu 55. Galimoto ya mipando 8 imalembedwa ndi katundu wa makilogalamu 440 okha pamwamba pa kulemera kwake. Yang'anani abale anu amene mudzawanyamula, muone kuti ndi angati amene ali ndi makilogalamu 55.

Galimoto yolemedwa siikana kuyenda, ndipo ici ndico cimanyenga anthu. Injini ya dizilo imakoka ndithu. Cimene cimasintha ndi kaimidwe kake. Mabuleki amafuna mtunda wautali kuti aigwire, ndipo pa zitsetse zazitali monga za ku Manenekela pa mseu wa Great East amatentha n'kuyamba kufooka. Matayala akumbuyo amaphwanyika m'mbali, amatentha, ndipo tayala lakale limaphulika. Masipuling'i amagona, kutsogolo kwa galimoto n'kupepuka, ciwongolero n'kuleka kumvera bwino, ndipo usiku magetsi amaloza m'mwamba, m'maso mwa anzanu obwera kutsogolo.

Ambiri akasowa malo amathawira padenga. Denga liri ndi malire akenso, ndipo pa magalimoto ambiri sapitirira makilogalamu 100, ena ndi ocepera pamenepo. Galimoto ya SUV ndi yaitali kale, cotero katundu wolemera wa padenga amaipangitsa kupendama pokhota ndi kugubuduzika msanga pamene dalaivala akuzemba dzenje, mbuzi kapena wa njinga. Padenga ndi pa matiresi, zofunda ndi zinthu zina zopepuka. Matumba a feteleza malo ake ndi pansi, pafupi ndi pakati pa galimoto, kapena pa lole.

Musaiwale kuyang'ana tayala la sipeya. Pa magalimoto ena liri pa citseko ca kumbuyo, pa ena liri kunsi, ndipo ena ocokera ku Japan amabwera opanda sipeya, ali ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu cabe. Kabotolo kameneko sikangakuthandizeni tayala litang'ambika ndi mwala pakati pa Lundazi ndi Chama. Mukagula sipeya pambuyo pake, nalonso lidzafuna malo ake m'buti yomweyo.

MWANA WA PA MIYENDO

Tibwerere ku mau a mnyamata wogulitsa uja, akuti mwana wamng'ono sawerengedwa. Mau amenewa amamveka m'midzi yathu yonse, ndipo ndi oopsa. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda cinthu cosasuntha, mphamvu yake imafanana ndi ya kugwa kucokera pamwamba pa mtengo wa mamita 10. Palibe mai, ngakhale wamphamvu cotani, amene manja ake angagwire mwana pa nthawi yotero. Mwanayo amapulumuka m'manja n'kukagunda mpando wa kutsogolo kapena galasi. Kumanga lamba mmodzi mai ndi mwana pamodzi ndiye koipa koposa, pakuti thupi la mai limapanikiza mwana pa lambayo.

Lamba wa pampando wodutsa pa phewa ndi m'ciuno anakonzedwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo m'caka ca 1959, ndipo mpaka lero ndiye cida cacikulu copulumutsa anthu m'galimoto. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti kumanga lamba kungacepetse imfa za okwera m'galimoto ndi theka, ndi kuti kampando komangiramo mwana kangacepetse imfa za makanda ndi 71 peresenti. Cotero njira yabwino yowerengera mipando ndi kuwerenga malamba. Lowani m'galimoto, kokani lamba aliyense, muone ngati akutuluka, akubwerera ndiponso akugwira mukamukoka mwamphamvu. Pa magalimoto akale mpando wa pakati umakhala ndi lamba wa m'ciuno yekha. Ameneyu aposa kukhala wopanda lamba, koma sagwira cifuwa ndi mutu. Pa magalimoto ena ogwiritsidwa kale nchito malamba a mzere wacitatu amapezeka atadulidwa kapena zomangira zake zitasowa. Mpando wopanda lamba musauwerenge.

Kampando ka mwana kamadya malo a munthu wathunthu, nthawi zina kupitirira. Timipando tiwiri totere tikaikidwa pa mzere waciwiri, pakati pamatsala malo oti munthu wamkulu sangakhale momasuka, ndiponso mpando umene wamangiridwa kampando sungapindidwe kuti ena adutse kupita kumbuyo. Magalimoto atsopano ali ndi tizitsulo tobisika pakati pa khushoni ndi cotsamira, tochedwa ISOFIX, tokolekapo kampando ka mwana, ndipo kawirikawiri timapezeka pa mipando iwiri ya m'mbali ya mzere waciwiri. Kampando ka khanda koyang'ana kumbuyo sikayenera kuikidwa pa mpando wa kutsogolo pamene pali thumba lija lofufuma pa ngozi, cifukwa limatuluka ndi mphamvu yoti ingaphe mwana. Malo a ana ndi kumbuyo.

Lamulo nalonso limawerenga. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pa mseu la Road Traffic Act la 2002, limalemba galimoto iriyonse ndi kupereka cikalata cimene tonse timacicha White Book. Ciwerengero ca anthu cimene galimoto inalembetsedwa naco ndico apolisi a pa mseu adzayang'ana, ndipo a inshuwalansi naonso angacifunse ngozi itacitika. Amisiri ena owocherera zitsulo amalonjeza kuti angakuikireni benchi m'buti ya galimoto ya mipando 5 pa mtengo wocepa. Benchi yotere imamangidwa pa citsulo copyapyala cimene sicinapangidwire kugwira munthu, iribe malamba, ndiponso siidziwika pa mapepala. Ndalama zimene mwapulumutsa pamenepo n'zocepa poyerekeza ndi mlandu umene mungausenze. Amene akuganiza zoti mipando yotsala azinyamulirapo anthu olipira adziwenso kuti imeneyo ndi nchito ina, yofuna laisensi ya PSV, cilolezo cake ndi inshuwalansi yake.

NANGA NOAH?

Wina adzafunsa kuti, ngati nkhani ndi mipando, bwanji osangogula Toyota Noah kapena Voxy, zimene zadzaza m'misika yathu? Funsoli ndi labwino, ndipo mabanja ambiri likadawathandiza akadalifunsa. Noah si SUV, koma pa nkhani ya kukhala anthu imaposa Prado. Pansi pake ndi potsika ndi posalala, zitseko zake ndi zokoka cammbali, nkhalamba imalowa mosabvuta, ndipo pa mzere wacitatu munthu wamkulu amakhala ngati munthu. Imapezeka ya mipando 8, ndiponso ya mipando 7 imene mzere wake waciwiri uli ndi mipando iwiri yopatukana, pakati pali kanjira kopitira kumbuyo. Mtengo wake ndi mafuta ake n'zocepa poyerekeza ndi za Prado.

Bvuto lake liri kunsi. Mimba ya Noah imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 16, pamene ya Prado ndi pafupifupi 22. Kusiyanaku ndi kwa zala zitatu kapena zinai cabe, koma pa mseu wa ngolo wokumbika m'mbali, wokhala ndi msana pakati, zala zimenezo ndizo zimasiyanitsa wofika kunyumba ndi wogona pa dambo. Mukakweza anthu 8 galimoto imatsikanso. Amene mudzi wao uli m'mbali mwa tala, kapena pa mseu umene umapalidwa caka ndi caka, Noah ingawatumikire bwino koposa SUV. Amene amaoloka mitsinje yopanda milatho m'miyezi ya January ndi February asadzinyenge.

Kumbali ina kuli Land Cruiser ija yaitali ya mabenchi a m'mbali, imene timaiona ku zipatala ndi ku mishoni. Mtundu wake unayamba kupangidwa mu 1984, ndipo imalembedwa anthu 11 kapena 13 malinga ndi dziko limene inapangidwira. Kulimba kwake palibe amene angakutsutse. Koma okwera kumbuyo amakhala cammbali, moyang'anizana, ndipo kakhalidwe kameneka sikateteza bwino pa ngozi, makamaka ana. Mtengo wake ndi waukulu, ndiponso galimoto ya anthu 10 kapena kuposerapo, kuwerengera ndi dalaivala, imaikidwa m'gulu lina pa msonkho wa pa malire. Wofuna kuitanitsa yotere ayambe wafunsa a ZRA. Kunena zoona, imeneyi ndi galimoto ya mpingo kapena ya kopaletivu, osati ya banja.

MASIKU A M'CAKA

Tiri pa tiyi paja ndinapempha atsibweni kuti tiwerenge maulendo ao a caka cathunthu. Tinapeza kuti masiku ambiri galimoto idzayenda ndi anthu awiri kapena atatu: kupita ku boma, ku banki, ku cigayo, kukatenga feteleza. Banja lonse limayendera pamodzi popita ku chalichi, ku maliro a wacibale, pa Khirisimasi, ndi ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August. Anzathu Angoni angaonjezepo Nc'wala ku Mtenguleni mu February. Kuwerenga kotere kumathandiza, cifukwa mpando wopanda munthu nawonso umalipiridwa. Galimoto yaikulu imamwa mafuta ambiri tsiku liri lonse, matayala ake ndi okwera mtengo, ndipo msonkho wake pa malire umakwera malinga ndi kukula kwa injini.

Banja la anthu 5 kapena ocepera, limene limanyamula katundu kawirikawiri, lingacite bwino ndi galimoto ya mipando 5, kapena Hilux ya zitseko zinai imene katundu amakhala kunja, kutali ndi anthu. Koma kumbuyo kwa Hilux ndi kwa matumba, si kwa ana. Banja la anthu 6 kapena 7, ena mwa iwo ana, ndilo limene mipando 7 inapangidwira. Banja la anthu 8 lisalole kunyengedwa kuti mmodzi sawerengedwa. Ndipo banja la anthu 10 kapena 12, amene si acilendo m'midzi yathu, libvomereze kuti palibe SUV imene ingalinyamule lonse. Kubwereka minibasi kawiri kapena katatu pa caka n'kochipa kuposa kusunga galimoto yaikulu caka conse cifukwa ca masiku atatu.

Cobvuta kwenikweni si masamu. Pamudzi galimoto siikhala ya mwini yekha. Ikangolira injini m'mamawa, pa mseu pamakhala pataima kale alamu, adzakhali ndi mwana wa anyakwawa, aliyense ndi kathumba kake, ndipo kukana munthu malo kumaoneka ngati kudzikuza. Ena amagula ya mipando 8 poganiza kuti akatero sadzakananso munthu, koma mipando ikaculuka opempha naonso amaculuka. Ine ndikuona kuti n'kwabwino mwini galimoto anene poyera kuyambira tsiku loyamba kuti malamba akatha, malo atha, ndipo anene cimodzimodzi kwa wacibale ndi kwa mlendo. Anthu amadandaula poyamba, kenaka amazolowera, makamaka akaona kuti wodwala akapezeka usiku galimoto yomweyo siikanidwa.

Atsibweni sanagule tsiku limenelo. Patapita masabata atatu anabwereranso ku Chipata, ulendo uno ndi banja lonse pa minibasi, pamodzi ndi makaniko amene amawakonzera cigayo. Pamalo ena anapeza Prado ya mipando 8, yakale kuposa yoyera ija ndiponso yosawala kwenikweni. Anakweza onse, aliyense pa malo ake. Apongozi analowa okha pa mzere waciwiri, ana atatu anakwanira kumbuyo, ndipo makaniko anapeza kuti comangira ca lamba mmodzi ca mzere wacitatu cinali cosagwira. Wogulitsa anabvomera kucisintha ndalama zisanaperekedwe. Kampando ka mdzukulu anatumiza amai ake kucokera ku Lusaka pa basi. M'buti munalowa zikwama zitatu ndi dengu limodzi, basi.

Ulendo wao woyamba wa banja lonse unali wa ku Mkaika. Atangotuluka pamudzi anapeza mnansi wao, bambo wacikulire amene amalima nao malire, ataima pa mseu ndi mwana wake wamkazi. Atsibweni anaimitsa galimoto, anatsika, napereka moni mwaulemu wonse, n'kufotokoza kuti mipando yonse 8 iri ndi anthu. Bambo uja anasuzumira pa zenera, naloza mdzukulu amene anali m'kampando kake. "Kodi kamwana aka nakonso kali ndi mpando wakewake, ine ndiri pansi?" Atsibweni anamupatsa ndalama ya minibasi ya anthu awiri. Iye anailandira, koma mpaka mvula yoyamba inagwa moni wao unali wa patali.